Thimitsani sipika, ana aziimba okha

Papita masabata angapo chichitikireni mpikisano wa zisudzo wa sukulu za sekondale kuno kwathu, koma mkangano wake sunazirale. M'magulu a WhatsApp a aphunzitsi oyang'anira makalabu a zisudzo, aja timangowatchula kuti mapatironi, nkhani ikadali yomweyo. Akuti oweruza anaibera sukulu ina imene inabwera ndi masipika awiri akuluakulu, laputopu, magetsi amitundumitundu ndi chigoba cha gule, n'kupereka chikho kwa ana amene anangonyamula mtondo, minsi iwiri, ng'oma imodzi ndi nthambi za mango zothyola kuseri kwa holo. Ine ndinalipo tsikulo, ndinakhala pabenchi yachitatu kuchokera kutsogolo, ndipo ndikuti oweruza sanalakwe. Ndinene mosapsatira: m'sewero la ana asukulu, nyimbo iyenera kutuluka pakhosi ndi m'manja mwa anawo, ndipo chinthu chilichonse chimene akwera nacho pansanja chiyenera kukhala chimene iwo akudziwa tanthauzo lake, chimenenso oonerera angachimve popanda wowamasulira. Nyimbo yongodina batani, komanso chigoba chongobwereka kuti chiopseze anthu, zimamulanda mwana ntchito imene anakwerera pansanjapo.

Masewero onse awiri anali pa nkhani imodzi, ija siisowa pa mipikisano imeneyi: mtsikana wa Fomu 2 akumukwatiwitsa mokakamiza, watenga pakati, wamwalira pobereka. Sukulu ya masipika ija inali ndi ana aluso, sindikukana. Koma itafika nthawi yoti mayi alandire uthenga wa imfa ya mwana wake, mtsikana amene ankasewera ngati mayiyo anagwira kumutu, n'kutsegula pakamwa, n'kuima chiimire kudikira nyimbo. Mnyamata wa palaputopu anali akadasakasaka. Patapita kamphindi, kanyimbo ka piyano kangati kaja timakamva m'mafilimu a ku Nigeria kanabuka mokweza kwambiri, ndipo m'pamene mayi uja anayamba kulira. Holo yonse inafa nalo phwete. Mwanayo analibe mlandu, chifukwa anamuphunzitsa kuti chisoni chimayamba nyimbo ikalira. Kenaka kunatulukira mnyamata atavala chigoba cha gule ndi nthenga kumutu, akuti kuimira imfa, n'kuzungulira mtembo katatu anthu akuliza malikhweru.

Sukulu inayo, imene ndi CDSS ya kumudzi, inayamba sewero lake ndi atsikana awiri a bere limodzi akusinja pamtondo umodzi. Minsi inkagunda molandizana, uwu ukakwera uwu ukutsika, wamkulu akutsogolera nyimbo, wamng'ono akuvomera. Atamutenga wamng'ono uja kupita naye kubanja, wamkuluyo anabwereranso pamtondo yekha. Ankaimba mzere wake, n'kusiya malo a wovomera ali chete. Munsi unkagunda kamodzi, pamene pankayenera kugunda wachiwiri pali zii. Khutu la munthu aliyense m'holomo linkadikira kugunda kumene sikunkabwera. Chakumapeto, kamnyamata kena kanalowa mwakachetechete, n'kuyala nthambi zija chopingasa kutsogolo kwa nsanja, n'kutuluka. Palibe amene anatchula mawu oti wamwalira. Bambo wina wachikulire amene anakhala pafupi nane anavula chipewa, ndipo ndikukhulupirira kuti sanazindikire kuti wavula. Atsikana anayi atamanga zitenje m'chiuno anayamba kung'ung'udza nyimbo ya pamaliro chapansipansi, ndipo amayi ena m'gulu la oonerera anailandira.

Zimenezi sizinachitike mwamwayi. Anawo anagwiritsa ntchito chiyankhulo chimene munthu aliyense m'holomo anayamwira. Nthambi zoyala pamsewu timazidziwa kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje: wa galimoto amachepetsa liwiro, wa njinga amatsika n'kumakankha, wa wailesi amatsitsa mawu. Pamtondo ndi pamene amayi athu ankanenera m'nyimbo zimene sakanatha kunena pamaso pa mwamuna kapena apongozi, kotero nyimbo ya pamtondo imabwera kale ndi dandaulo mkati mwake. Ndipo zoti oonerera alandire nyimbo si zachilendo kwa munthu amene anakulira pa nthano. Wokamba akati "padangotero" ife timati "tili tonse", ndipo nthano ikafika pa nyimbo, wokambayo amatsogolera ife n'kumavomera. Kwathu kuno womvera nthano sakhala mlendo wongoonerera, amakhala mnzake wa wokamba. Akatswiri a zisudzo a ku Chancellor College ankadziwa zimenezi pamene ankayenda ndi gulu lawo la Travelling Theatre m'midzi, kumanga masewero pa nyimbo ndi magule a eni mudzi. Tisaiwalenso kuti kuyambira mu 1968, pamene kunakhazikitsidwa lamulo lounika mabuku ndi zisangalalo, sewero linkayenera kudutsa kaye m'manja mwa bungwe la Censorship Board lisanaonetsedwe. Olemba a nthawi ya Kamuzu anaphunzira kubisa mawu m'zizindikiro ndi m'nthano, ndipo oonerera anaphunzira kuwerenga zobisikazo. Luso limenelo ndi chuma cha zisudzo za dziko lino, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti tikulisinthanitsa ndi fulashi yodzaza tinyimbo tokopera pa intaneti.

Tsono a mbali inayo ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zolemera. Imene imamveka kwambiri ndi yakuti dziko lapita patsogolo. Akuti ana a masiku ano amamvera amapiano ndi hip hop, m'nyumba zikuluzikulu za zisudzo kunja amagwiritsa ntchito nyimbo zojambula ndi makina a mawu, ndiye kukakamiza ana kuti azingoimba ng'oma n'kuwatsekera m'mudzi wa makedzana. Akutinso mwana amene akuphunzira kuyendetsa zokuzira mawu akuphunzira ntchito imene ingadzamudyetse. Ndikuvomereza kuti mwana wa ku Ndirande kapena ku Area 25 sayenera kunamizira kuti anakulira pabwalo la chimtali pamene sanalionepo. Koma funso langa si lakuti nyimboyo ndi yakale kapena yamakono. Funso ndi lakuti akuipanga ndani. Ngati sewero likuchitikira pa depoti ya minibasi, ana atenge zigubu, mabotolo ndi pakamwa pawo apange kugunda kwa amapiano, wina alakatule mwa hip hop, oitanira aziitanira motsatira kugundako. Zimenezo n'zamakono ndipo n'zawo. Chimene nyimbo yojambula singathe ndicho kuyang'ana wosewera. Pitani pabwalo lililonse la gule mukaone woimba mbalule, ng'oma yotsogolera ija: maso ake sachoka pa mapazi a wovina, wovina akathyola iyenso amathyola, akaima amaima. Mwana woimba ng'oma pambali pa nsanja amachitanso chimodzimodzi. Mnzake akachedwa kulira amamudikira, akaiwala mawu amamuphimba, holo ikasokosera amakweza dzanja. Pamenepo ana awiri akuphunzira kumverana, limene ndi phunziro lenileni la zisudzo. Sipika simva munthu, ndiye munthu ndi amene amasanduka womvera sipika, monga anachitira mtsikana uja anaima kukamwa kuli yasa.

Palinso nkhani ya chilungamo imene okonda masipika amailambalala. Mpikisano umodzi umaphatikiza sukulu zolipira ndalama zambiri za m'tauni, sukulu zogonera komweko za boma ndi za mipingo, ndi ma CDSS amene ena mwa iwo alibe ngakhale waya wa magetsi. Tikalola kuti kukula kwa sipika kuzipatsa malikisi, ndiye kuti tikupikisanitsa matumba a makolo. Pakhosi ndi manja mwana aliyense ali nazo. Ndiponso tonse tikudziwa mmene magetsi amathimira kuno. Sewero lomangidwa pa laputopu limafa nthawi yomwe magetsi athima, pokhapokha wina akhale atagula mafuta a jenereta, ndipo jeneretayo ikalira mawu a ana samvekanso kumbuyo kwa holo. Komabe pali malo amene mawu ojambula ali oyenera, ndipo ndisawabise. Ngati m'seweromo banja lakhala pakhonde likumvera mauthenga achisoni pa wailesi, mawu otuluka m'kawailesiko ndi mbali ya nkhani, ngati mmene ilili foni yolira m'thumba la munthu pa nthawi yolakwika. Pamenepo makina akusewera ngati makina. Chimene ndikukana ndi kuwapatsa makina ntchito youza oonerera nthawi yolira ndi nthawi yochita mantha.

Ena, makamaka aphunzitsi a Chingerezi, akubwera ndi mfundo ina. Akuti mpikisano waukulu umene tonse tinakulira, wa bungwe lolimbikitsa kaphunzitsidwe ka Chingerezi la ATEM, unayambitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 n'cholinga choti ana aphunzire kuyankhula Chingerezi, ndiye mphindi zimene zikuthera pa nyimbo za Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao n'zobedwa ku cholingacho. Nkhawa imeneyi ndikuimvetsa, pakuti Chingerezi ndicho chimatsegula kapena kutseka khomo pa mayeso a MSCE. Koma taonani zimene zimachitika nyimbo ndi zizindikiro zikachotsedwa: ana amaloweza ziganizo zitalizitali, n'kumazilavula ataima chilili ngati akuyankha funso la m'kalasi, mawu akuluakulu amene ngakhale iwo eni sakuwamva. Sewero la ku CDSS lija linali m'Chingerezi kupatula nyimbo zokha, ndipo Chingerezi chake chinamveka bwino koposa chifukwa sichinasenzetsedwe katundu yense. Mawu anali ochepa, mwana aliyense ankadziwa chifukwa chake akuwanena. Tikumbukenso kuti mpikisano womwewo ndi umene unaonetsa dziko Du Chisiza Jr ali mwana wasukulu pa sekondale ya HHI ku Blantyre, ndipo iye atakula anakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987. Umenewu ndi umboni wakuti mpikisanowu unapitirira kalekale kukhala kalasi ya galamala. Ndi nazale ya zisudzo za dziko lino, ndipo mbande zake ziyenera kuphunzira luso lonse.

Mfundo yachipembedzo ndiyofunika kuigwira mosamala. Sukulu zambiri zabwino m'dziko muno ndi za mipingo, ndipo pali makolo amene akamva ng'oma amaganiza za mizimu. Sindingawanyoze, ndipo mwana amene chikumbumtima chake chikukana asakakamizidwe. Palinso magule amene ineyo sindingawaike m'sewero la ana mwachisawawa, monga vimbuza, amene kwa eni ake ku mpoto ndi mankhwala a munthu wodwala. Koma kunena kuti ng'oma payokha ndi yachikunja n'kuiwala mbiri ya mipingo yomweyo. Kuchokera pa msonkhano waukulu wa Vatican wa m'zaka za 1962 mpaka 1965, ng'oma ndi maseche zinalowa m'tchalitchi cha Katolika, ndipo lero Misa ya pa chikondwerero siitha popanda kuvina. Amayi a Mvano akamaimba usiku wonse pa siwa, kapena anyamata achisilamu akamavina sikiri ku Mangochi ndi ku Machinga, zonsezo ndi nyimbo zathu, zotuluka m'matupi a anthu. Nyimbo imene inagwetsa misozi m'holo muja inali ya pamaliro achikhristu. Choncho sukulu ya mpingo siikusowa poyambira. Nkhokwe yake ndi yodzaza kuposa ya wina aliyense.

Tsopano ndifike pa chigoba, pamene pagona mkangano weniweni, pakuti apa amene akunditsutsa ndi anzanga okonda chikhalidwe. Iwo akuti: iwe ukutamanda mtondo ndi nthambi chifukwa n'zathu, nanga chigoba cha gule si chathu? UNESCO inalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse a padziko mu 2005, ndiye ana akachiveka pansanja akunyadira chikhalidwe, bwanji ukuwaletsa? Funso limeneli ndi labwino, ndipo yankho lake lili pa zimene chigobacho chinatumidwa kuchita. M'bwalo la gule mulibe chinthu chongotchedwa chigoba. Chilombo chilichonse chili ndi dzina, nyimbo yake, kavinidwe kake ndi mwambo umene chimaphunzitsa. Kasiyamaliro ndi mayi wa mtundu, amene amaperekeza wakufa kwa makolo. Chadzunda ndi gogo wamkulu, tate wa zilombo. Maliya amaonetsa khalidwe la mkazi, Simoni wa nkhope yofiira amatsanzira mzungu wopsa ndi dzuwa. Ku Mua, m'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare pa Kungoni, imene anaiyambitsa Bambo Claude Boucher, muli zigoba mazanamazana, chilichonse ndi nkhani yake. Tsono ndifunse mapatironi anzanga: pa masewero onse a ana amene mwaonamo chigoba cha gule, ndi angati amene chinaimira nzeru za makolo, chilangizo kapena chitonthozo? Mwa amene ine ndaona, nthawi zonse chimaimira imfa, ufiti, Satana kapena malume oipa mtima. Kumeneko si kunyadira chikhalidwe. N'kubwereza chipongwe chakale chija chakuti za kudambwe zonse ndi za mdima, ndipo tikuchibwereza kudzera mwa ana, pamaso pa ana ena amene agogo awo ndi eni mzinda wa gule.

Kuwonjezera apo, kwa eni ake chimene chimatuluka kudambwe si munthu wovala chigoba, ndi chilombo, ndipo mwambo wonse waima pamenepo. Mnyamata uja atatha gawo lake anakakhala pakhonde la holo chigoba ali nacho m'manja, akumwa madzi, tiana tikumuzungulira. Kwa iye zinali zopanda kanthu. Kwa mwana wa ku Dedza, ku Dowa kapena ku Kasungu amene anameta, kutanthauza kuti analowa gule, chimenecho ndi chinthu chopweteka, ndipo m'madera ena chingathe kudanitsa sukulu ndi mudzi woizungulira. Wina ati: nanga si gule yemweyo amavina pa misonkhano ya ndale ndi m'mahotela? Zoona, ndipo mafumu achichewa akhala akudandaula za kupeputsa kumeneko. Komanso ngakhale kumeneko ovina amakhala eni ake, amene akudziwa chimene asenza. Apa ndi pamene pali kusiyana ndi nthambi zija. Nthambi za pamsewu si za gulu lobisika, amayala Mchewa, Mlhomwe, Mtonga, Mkhristu ndi Msilamu, ndipo ana aja anaziyala pa tanthauzo lake lenileni. Sindikuti nkhope zovala zichoke m'zisudzo za ana. Ngati sewero likufuna nkhope ya imfa, ya njala kapena ya katangale, ana akhale pansi aganize kuti katangale amaoneka bwanji, ali ndi pakamwa pangati, mimba yake ndi yotani, kenaka atenge makatoni, masaka, phala la ufa ndi makala aipange. Gule weniweni amachita zomwezo, amapanga zilombo zatsopano pofuna kunena za zinthu zatsopano. Kuphunzira kwa gule ndi kumeneko, osati kukabwereka nkhope ya eni.

Kusaganizira komweku kumaonekeranso pa mitundu ya zovala, ngakhale anthu sakukambapo. Pafupifupi sewero lililonse la ana limaveka woipa zakuda, mngelo zoyera, wachiwerewere zofiira, ngati kuti lamuloli linagwa kuchokera kumwamba. Koma pa mbendera yathu mtundu wakuda ukuimira ife anthu. Ku Khulubvi m'boma la Nsanje, nsalu yakuda ndi imene imaperekedwa kwa Mbona popempha mvula, chifukwa mtambo wodetsa ndiwo umabweretsa moyo. Mayi wachichewa akaona mikanda yofiira ndi yoyera amamva uthenga wa kuchipinda umene anamkungwi anamuphunzitsa, osati za ngozi ndi angelo. Ndipo m'Malawi wa lero mtundu uli ndi chipani chake: chikasu anthu amaona UDF, buluu amaona DPP, olenji amaona PP, tambala wakuda amaona MCP. Patironi amene waveka mfumu yakuba malaya a mtundu umodzi mwa imeneyi, pongoti ndi amene anapezeka, wanena chinthu chimene sanafune kunena, ndipo holo yachimva. Amene akuganiza kuti Amalawi salabadira zizindikiro akumbuke mkwiyo umene unabuka mu 2010 boma litasintha mbendera n'kuikapo dzuwa lathunthu loyera, mpaka mu 2012 pamene kwacha wofiira uja anabwezeretsedwa. Anthu amenewa ndi amene amakhala pa mabenchi a m'holo, ndipo amawerenga chilichonse chimene chakwera pansanja.

Dandaulo lomaliza ndi la mapatironi eni, ndipo ndi limene ndimalimvera chisoni kwambiri. Patironi ndi mphunzitsi amene ali ndi makalasi odzaza, zolemba zoti achonge, ndipo kalabu ya zisudzo amaiyang'anira madzulo popanda cholowa. Ambiri sanaphunzirepo za nyimbo. Kukopera kanyimbo ka piyano kumatenga mphindi ziwiri, pamene kuphunzitsa ana kusinja molandizana kwinaku akuimba kumatenga masabata. Zonsezi n'zoona. Koma patironi sakuyenera kukhala woimba. Akuyenera kungotsegula chitseko. Pa sukulu zambiri pali kwaya ya SCOM kapena ya YCS, magulu achikhristu a ana asukulu, imene imaimba m'mawu anayi popanda mphunzitsi. Pali anyamata amene amaimba madesiki ngati ng'oma mphunzitsi akangotuluka. Pali mlonda amene ankavina mganda kapena malipenga, pali mayi wophika kukhitchini amene akudziwa nyimbo za pamtondo zosawerengeka, ndipo palibe amene anawafunsapo. Ana amenewa anadutsa phunziro la Expressive Arts ku pulayimale. Chimene akusowa ndi munthu wowauza kuti zimene akudziwa kale n'zololedwa pansanja.

Pachifukwa ichi, pempho langa kwa okonza mipikisano, kaya ndi wa ATEM, wa zaluso za ana asukulu wa NASFEST kapena ya m'maboma, ndi lakuti pa pepala la oweruza palembedwe poyera kuti malikisi a nyimbo ndi a zimene ana apanga okha pansanja, kuti sukulu zidziwiretu zisanawononge ndalama kubwereka masipika. Ndipo sewero likatha, oweruza aziitana ana awiri kapena atatu, osati patironi, n'kuwafunsa kwa mphindi zochepa: nyimbo ija munaitenga kuti, nsalu ija mwaisankhiranji, nkhope ija ndi ya yani? Funso lotere ndinalifunsa ineyo panja pa holo, ana a ku CDSS aja akukweza mtondo wawo pa lole. Mtsikana wosinja uja anandiuza kuti nyimboyo anaimva kwa azakhali ake, koma ndime yachiwiri inkanyoza apongozi, zimene sizinkagwirizana ndi sewero lawo. Anakangana ndi anzake masiku atatu, kenaka anapeka mawu ena onena za mng'ono wake amene wasiya yunifolomu pachingwe. Za kusiya malo a wovomera ali chete, akuti anazitulukira tsiku lina pokonzekera pamene mnzake uja anadwala malungo osabwera kusukulu, iye n'kuyamba kusinja yekha, anzake onse m'kalasimo n'kungoti duu kumuyang'ana.